Zolemba zanu zisamachite lendi m'foni

Kalata inafika Lachiwiri usiku kuchokera kwa mayi wina amene amalemba tinthu tambiri m'foni akakhala mu minibasi. Funso lawo n'lalifupi: angatani kuti zimene alemba m'foni zizipezekanso pa laputopu ngati mafayilo wamba a .txt, ndipo akasintha kuno, ukonso kuzisintha?

Ndinaiwerenga katatu, koma kuyankha usiku womwewo kunandikanika. Achemwali, mwandikhudza pachilonda.

Mu 2003 achimwene anga amene ankagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera kamakina kogwiritsidwapo kale ntchito, Palm m105. Achinyamata ambiri sanakaonepo. Kankakwana m'chikhatho, sikankaimba foni, intaneti kanalibe. Kankayendera mabatire awiri a AAA, malo osungira zinthu anali 8 MB basi. Polemba unkatenga kandodo kake n'kumajambula zilembo mwa njira yawoyawo yotchedwa Graffiti. Chilembo A unkachilemba ngati denga la nyumba, chopanda kamzere kapakati. Mlungu woyamba dzanja linkakana, wachiwiri linazolowera. Munthu amene anayambitsa makinawa, Jeff Hawkins, asanawatulutse mu 1996 ankayenda ndi kachidutswa ka thabwa m'thumba, n'kumakatulutsa ngati akulembapo, pofuna kuona ngati chinthu chotere munthu angamachinyamuledi tsiku ndi tsiku. Mwina n'chifukwa chake kamakinako sikankavutitsa.

Anzanga ankalembamo misonkhano ndi manambala a foni. Ine ndinkalembamo agogo anga aakazi. Ndikapita kumudzi ku Dedza ndinkakhala nawo pakhonde, iwo akusenda mtedza, ine ndikukanda pagalasi: mayina a makolo athu, amene anakwatiwa kuti, miyambi, nyimbo za pamtondo, nthano. Memo imodzi inkangolola 4 KB, zilembo pafupifupi 4,000, ndiye nthano ikatalika ndinkaidula pawiri kapena patatu. Mzere woyamba ndiwo unkakhala mutu. Magulu oikamo zolemba anali 15 okha. Panthawiyo malire amenewa ankandinyansa. Lero ndimaona kuti anandiphunzitsa kulemba chinthu chimodzi pamalo amodzi.

Ndikabwerera m'tauni ndinkakakhazika pa kampando kake kolumikiza ku kompyuta n'kudina batani la HotSync. Zam'manja zinkapita ku kompyuta, za pa kompyuta zinkabwera m'manja. Chimene ndimachilemekeza mpaka pano ndi ichi: ukasintha memo yomweyo mbali zonse ziwiri, makinawo sankakusankhira yoti ikhale. Ankasunga zonse ziwiri kuti mwiniwake uweruze. Mapulogalamu ena a masiku ano, ngakhale ali okongola, ulemu umenewu alibe. Amangotenga chomwe chasinthidwa pomaliza, chinacho n'kuchitaya mwakachetechete.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani iyi imatikhudza ife olemba Chichewa. Palm inalibe chilembo ŵ. Inali ndi é, ñ, ü ndi zina za zilankhulo za ku Ulaya, koma chathuchi ayi. Agogo ankatchula bwinobwino "aŵa" ndi "Malaŵi", ndipo sindinkafuna kuwalanda katchulidwe kawo, choncho ndinkalemba w^ kuti ndidzakonze m'tsogolo. Lero vutoli linatha chifukwa cha UTF-8, njira yosungira zilembo yomwe imalandira zilankhulo zonse. Koma mukadzatsegula fayilo n'kupeza "MalaÅµi", musadzaganize kuti yawonongeka. Pulogalamuyo yangoiwerenga ndi magalasi olakwika. Iuzeni kuti ndi UTF-8, chilembo chidzabwerera.

Mnzanga wina amene ankakonda Linux ndiye anandipulumutsa ndisakudziwa. Tsiku lina anatenga Palm yanga, n'kugwiritsa ntchito timapulogalamu totchedwa pilot-link, n'kutulutsa memo iliyonse kuiika m'fayilo yakeyake, gulu lililonse foda yake. Ndinamufunsa kuti zonsezi n'zachiyani pomwe Palm Desktop, pulogalamu ya Palm ya pa kompyuta, ikundisungira kale. Anangoti ndidzamvetsa. Anali mafayilo oposa 200, onse pamodzi osakwana ndi 1 MB yomwe. Kuyambira pamenepo ndinazolowera kuwatulutsa mwezi ndi mwezi.

Kampani ya Palm inagulidwa ndi HP mu 2010, ndipo mu 2011 HP inasiya kupanga makina amenewo. Malaputopu anasiya kubwera ndi bowo lolowetsa chingwe cha kampando kaja. Palm yangayo inafa kalekale. Koma mafayilo aja anachoka pa CD kupita pa fulashi, kuchoka pa fulashi kudutsa malaputopu atatu, ndipo m'mawa uno ndatsegula imodzi ndi Notepad. Agogo anamwalira, koma nthano ya kalulu ndi chitsime ili momwe anaifotokozera, ndi w^ wanga yemwe.

Tsono mvetserani mbali yachiwiri, yomwe ndi imene inandiletsa kugona Lachiwiri lija.

Mu 2016 amayi anadwala nthawi yaitali. Ndinkawadikirira kuchipatala, ndipo usiku tulo tikawathawa ankayankhula. Ankandiuza malire a munda wa kumudzi, mtengo uti ndi chulu chiti. Ankandiuza za bambo ali mnyamata, zimene sindinazimvepo. Anandiuza mmene ankaphikira thobwa lawo lija limene anthu ankalifunsa paukwati uliwonse. Zonse ndinkalemba m'foni, mu kapulogalamu ka zolemba kamene kanabwera ndi foniyo. Chizolowezi chakale chotulutsa mafayilo ndinali nditachisiya, poganiza kuti mafoni amakono amadzisamalira okha. Patatha miyezi inayi chiikireni maliro, foni inangozima osayakanso. Wokonza mafoni mumsika anati ikufunika kuifulasha. Anandifunsa za zithunzi, ndinati zili pa memori khadi. Za zolemba sanandifunse, inenso sizinandibwerere m'mutu. Madzulo foni inayaka ili yoyera ngati yatsopano. Mnyamatayo sindimuimba mlandu, anachita ntchito imene ndinamupatsa. Zolembazo sizinali mafayilo oti munthu n'kuwaona kapena kuwakopera. Zinali zotsekeredwa m'mimba mwa pulogalamu, ndipo zinapita nayo limodzi.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga pa nkhaniyi anauma, ndipo sindipepesa. Pulogalamu iliyonse imene imalandira mawu anu koma osakulolani kuwatulutsa ngati fayilo wamba ili ngati landilodi amene wakhoma chitseko katundu wanu ali m'kati. Lero akhoza kumakusekererani, mawa asintha malamulo. Mu Disembala 2023 pulogalamu ya zolemba yotchedwa Evernote inachepetsa zolemba za anthu osalipira kufika pa 50 zokha. Inzake ya Google Keep imakulolani kutulutsa zanu kudzera mu Takeout, njira ya Google yotengera zinthu zanu, koma zimabwera ngati mafayilo a HTML ndi JSON osati .txt, ulendo umodzi wopita kumodzi, osati kulunzanitsa kumene mukufunaku. Ena amati zonse zili pa intaneti, palibe chodetsa nkhawa. Onena zimenezi bandulo sinawatherepo pakati pa mwezi. Mawu amene walemba ndi dzanja lako suyenera kugula bandulo kuti uwawerenge.

Ndiye funso lanu, achemwali, ndikulitembenuza. Musafunefune njira yoti zolemba za m'pulogalamu zizikopeledwa kukhala mafayilo. Mafayilowo ndiwo akhale zolembazo. Foni ndi laputopu zizingobwera kudzawerenga ndi kulembamo.

Chochita

Ngati foni yanu ndi ya Android, pangani foda imodzi, muitche Zolemba. Ikani Markor, pulogalamu yaulere imene imalemba molunjika m'mafayilo a .txt, ndipo muilozere ku foda imeneyo. Pa laputopu ikani Syncthing, pulogalamu yolunzanitsa mafoda kuti azifanana mbali zonse, pa foni Syncthing-Fork, popeza yoyambirira ya Android anasiya kuikonza kumapeto kwa 2024. Zidziwanitseni foni ndi laputopuyo pojambula QR code, kenako gawanani foda ija. Zikakhala pa Wi-Fi imodzi zimatumizirana zokha, osadya bandulo. Nkhani imodzi fayilo imodzi, dzina liziyamba ndi deti, monga 2025-03-14-msonkhano.txt. Mukasintha fayilo yomweyo mbali zonse ziwiri mudzapeza ina yokhala ndi mawu oti sync-conflict m'dzina lake. Imeneyo ndi nzeru ya HotSync ija, werengani zonse ziwiri musankhe nokha. Pa iPhone njirayi ndi yovutirapo, ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya zolemba ya Obsidian ndi iCloud, malo a Apple osungira zinthu pa intaneti. Zonsezi zikakulemerani, chingwe cha USB ndi kukopera foda Loweruka lililonse n'kokwanira.

Chenjezo limodzi lokha, ndipo ndikulinena mokweza. Kulunzanitsa si kusunga. Mukafufuta fayilo m'foni mwangozi, pa laputopu ifufutikanso ziwirizo zikangolumikizana, chifukwa ndiyo ntchito imene mwaituma. Tsegulani File Versioning mu Syncthing kuti zofufutidwa zizisungidwa pambali, ndipo kamodzi pamwezi kopererani foda yonse pa fulashi imene imagona m'nyumba ina.

Zimene zili kale mu pulogalamu yakaleyo musadikire njira yachidule. Khalani pansi usiku uno, muzikopere chimodzichimodzi, ngakhale zitenge mlungu wathunthu. Yambani ndi zimene munauzidwa ndi anthu okalamba kapena odwala. Malire a munda ndinakawapezanso kwa amalume ndi anyakwawa, ngakhale panali kukangana pa chulu chimodzi. Za thobwa ndinakafunsa azakhali. Anandiuza mmene iwo amaphikira, ndipo ndinalemba m'fayilo. Pomaliza anati amayi ankathiramo kanthu kena chimera chisanalowe, koma iwo sakukumbukira kuti kanali chiyani.