Yankho kwa achemwali amene akufuna kupanga peppermint fudge ya Khirisimasi

Achemwali, mwafunsa ngati peppermint fudge, switi yofewa yodula tizidutswa yokhala ndi kafungo ka mint, ingapangike kunyumba popanda uvuni ndi thermometer (choyezera kutentha), ndipo mwati imene munayesa inakana kulimba, inangokhala ngati phala ngakhale itagona mu filiji. Mwafunsanso za masamba a mint amene ali kuseri kwa nyumba yanu. Za uvuni iwalani, fudge siilowa mu uvuni. Thermometer nayo siifunika pa mtundu umene ndikufotokozereniwu. Koma pa za kukana kulimbazo, yambani mwakumbukira chitini cha mkaka chimene munatsegula tsiku lija, chifukwa anthu ambiri amagwera pomwepo.

M'sitolo mkaka wa condensed ndi wa evaporated amauika pamodzi, zitini zake n'zofanana, ndipo ukakhala pachangu umangotola. Wa evaporated, monga Ideal uja, ndi mkaka umene anangouchotsa madzi osathiramo shuga, n'chifukwa chake ukautsanula umayenda msanga. Wa condensed ndi wolemera, wotsekemera kwambiri, umakokeka pa supuni, pakuti pafupifupi theka lake ndi shuga. Fudge yachiduleyi imafuna condensed basi. Amene muli ku UK chenjerani kwambiri, Carnation amapanga mitundu yonse iwiri, ndiye werengani pachitini mpaka muone mawu oti sweetened condensed.

Ngati mkaka unali wolondola, ndiye kuti chokoleti inachepa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Fudge imeneyi siilimba chifukwa chophika nthawi yaitali ayi, imalimba chifukwa mafuta a mu chokoleti akazizira amauma n'kugwira mkaka uja. Mukachepetsa chokoleti poopa mtengo, filiji singakuthandizeni ngakhale muisiye masiku atatu. Pa chitini chimodzi cha condensed, kaya cha magalamu 397 cha ku UK kapena cha magalamu 385 chimene chimachokera ku South Africa, muike magalamu 500 a chokoleti yoyera. Kukatentha kwambiri fikani pa 550. Yakuda imalimba msanga, ndiye magalamu 350 mpaka 400 amakwana. Sikelo ngati mulibe musavutike, kulemera kumalembedwa papaketi, mungowerengetsa mapaketiwo. Kuwonjezera apo mufunika supuni imodzi yaikulu ya batala, kamchere kotsina ndi zala ziwiri, peppermint essence (timadzi ta m'kabotolo topereka fungo la peppermint), ndi maswiti olimba a mint ongokongoletsera pamwamba. Mchere musauiwale. Chokoleti yoyera ndi condensed zikakumana kutsekemera kwake kumafika pokola, ndipo kamchereko ndi kamene kamachititsa kuti munthu atenge kachidutswa kachiwiri.

Pa chokoleti pali kusankha. Yeniyeni ili ndi cocoa butter, mafuta a m'mbewu za koko, amene amasungunuka pa madigiri a Celsius pafupifupi 34, n'chifukwa chake imasungunuka bwino mkamwa. Ija yotsika mtengo imene amalemba kuti baking chocolate kapena cooking chocolate nthawi zambiri amaipanga ndi mafuta ena a zomera. Imapirira kutentha, koma imasiya kamafuta m'kamwa. Ine ndimakonda yeniyeni, komabe munthu wa ku Nsanje, Chikwawa kapena Salima mu Disembala ndingamuuze kuti asakanize theka ndi theka, apo ayi mbale isanafike kwa alendo fudge yayamba kale kufewa. Chokoleti yokhala ndi mabisiketi kapena caramel mkati isiyeni.

Musanayatse moto konzani chotengera. Thireyi ya makona anayi ya masentimita 20 mbali zonse ndiyo yoyenera, koma kontena ya pulasitiki ya ayisikilimu imagwiranso ntchito. Yalani baking paper mkati, musiye mbali ziwiri zitatulukira kunja kuti mudzagwirepo pozula. Izi zichitike poyamba chifukwa fudge ikachoka pamoto siidikira munthu.

Tsopano ikani madzi pang'ono m'poto, okwana zala ziwiri, ndipo pamwamba pake mukhazike mbale yagalasi kapena yachitsulo imene sikhudza madziwo. Madzi akhale akungonyeng'enya, osati kubwata. Pa mbaula dikirani makala agwe mphamvu, kapena chotsaniko ena. Dulani chokoleti tizidutswa ting'onoting'ono, muiike m'mbalemo pamodzi ndi condensed, batala ndi mchere kuyambira pachiyambi. Musasungunule chokoleti payokha n'kudzathira mkaka wozizira pambuyo, imaundana pomwepo. Mbale ndi supuni zikhale zouma bwino, ndipo musavundikire, chifukwa nthunzi ikadonthera mkati imaononga. Takasani pang'onopang'ono osasiya. Poyamba zimaoneka ngati sizikugwirizana, kenako mumaona zikuyamba kusalala ndi kung'azima, supuni ikudutsa n'kusiya kanjira kamene kamatsekeka mochedwa. Mukaona kuti kwatsala timibulu tochepa, tsitsani mbale pamoto, kutentha kumene kulimo kumaliza kokha. Chokoleti yoyera siichedwa kupserera, ndipo ikatenthedwa mopyola mafuta amalekana n'kuyandama pamwamba. Zikatero musataye, thiranimo supuni imodzi ya mkaka wofunda n'kutakasa mwamphamvu, kawirikawiri imabwerera. Amene muli ndi microwave, tenthetsani masekondi 30, mutakase, mubwezerenso, mpaka zitasungunuka.

Peppermint imalowa pomaliza, mbale ili pansi, chifukwa fungo lake limathawa ndi kutentha. Yambani ndi theka la supuni ya tiyi, mutakase, mulawe. Mukafuna onjezerani madontho, koma musapyole supuni imodzi ya tiyi pa muyeso umenewu. Dziwani kuti fudge ikagona kukoma kwa mint kumakula, ndiye imene lero ikumveka ngati yachepa pang'ono mawa ikhala ili bwino. Yochulukitsa palibe njira yoichotsera, ndipo ana amangoluma kamodzi n'kunena kuti mwawapatsa mankhwala otsukira mano. Yang'ananinso pabotolo. Essence kapena extract ndi yosungunulidwa kale, pomwe peppermint oil ndi yamphamvu kwambiri, madontho atatu kapena anayi akwana. Mafuta aja ogulitsidwa kuti azinunkhiritsa m'nyumba kapena kupaka pathupi musawaike m'chakudya, pokhapokha botolo litanena kuti ndi odyedwa.

Masamba a kuseri kwa nyumbawo ine sindingakulimbikitseni. Mint amene amabzalidwa m'makomo ambiri ndi spearmint, wokoma mu tiyi koma wofatsa. Peppermint ndi mtundu wina, wobadwa posakanizika spearmint ndi water mint, ndipo uli ndi menthol wambiri. Menthol ameneyu ndiye amanamiza lilime kuti lakhudza chinthu chozizira, ndipo kuzizira kumeneko ndi kumene anthu amafuna mu fudge imeneyi. Masamba aawisi mukawadulira mkati amabweretsa madzi, amada pakapita tsiku, ndipo fudge siikhalitsa. Mukakakamira, afunditseni mu condensed kwa kanthawi kenako musefe, koma kafungo kake kadzakhala kakutali.

Pa zokongoletsa ndi pamene zithunzi za pa Facebook zimatipusitsa. Zofiira ndi zoyera mukuziona pamwambazo ndi ma candy cane ophwanya, maswiti olimba a mint ooneka ngati kandodo, ndipo ambiri ojambulawo ali ku America kapena ku Ulaya kumene Disembala ndi nyengo yozizira. Kuno Khirisimasi imagwa mvula ili mkati, mpweya uli ndi chinyezi chambiri. Switi yolimba imakoka chinyezicho, ndiye mukawaza lero, mawa mupeza zikumata ndipo utoto wofiira wayenderera pa fudge yonse. Zimaipiraipira mukaitulutsa mu filiji n'kuyamba kuchita thukuta. Njira yabwino ndi kusiya fudge yopanda kanthu pamwamba, kenako tsiku lodyalo muphwanye maswiti mu jumbo ndi botolo, muwaze pa tizidutswa todula kale n'kudinikiza pang'ono ndi chala. Ma candy cane akasowa, maswiti alionse olimba a mint alowa m'malo, kupatula aja a chifuwa okhala ndi bulugamu. Amene mumapeza Peppermint Crisp ya Nestlé, ifumbutuleni pamwamba fudge ikadali yofewa, imakoma kwambiri makamaka pa yakuda, ngakhale kuti mtundu wake ndi wobiriwira. Kufiira kokhalitsa kumapezeka podontheza utoto wa zakudya (food colour) wa gel malo angapo n'kukoka mizere ndi kamtengo kotokosera m'mano. Kwa ana aang'ono kwambiri zidutswa za switi yolimba zisiyeni, zimatha kutsamwitsa.

Mukathira mu thireyi salazani ndi kumbuyo kwa supuni, muisiye izizire patebulo, ndiye muivundikire n'kuiika mu filiji maola anayi, kapena usiku wonse ndiye bwino koposa. Podula, zulani yonse ndi pepala lija, viikani mpeni m'madzi otentha, muupukute uume, mudule, mubwereze. Mizere 6 uku ndi 6 uku ikupatsani tizidutswa 36, koma poti n'njotsekemera kwambiri ine ndimadula 8 ndi 8 kuti tikwane 64. M'kontena yotseka bwino imakhala milungu iwiri mu filiji, ndiye palibe chifukwa choipangira pa 25 m'mawa mpunga ndi nkhuku zikukudikirani. Pa 22 kapena 23 ndi bwino. Chivundikiro chikhale cholimba, chifukwa mafuta a chokoleti amakoka fungo, ndipo fudge yonunkha usipa kapena anyezi palibe angaiyamikire. Magetsi akazima musade nkhawa, shuga ndi wambiri moti siionongeka msanga, imangofewa. Chachikulu osatsegulatsegula filiji.

Thermometer imene mwafunsayo ndi ya fudge yachikale, imene inatchuka ku America m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890, makamaka pakati pa atsikana a m'makoleji monga Vassar. Imeneyo amawiritsa shuga, mkaka ndi batala mpaka madigiri 112 mpaka 116, n'kuisiya izizire kufika cha pa 43, kenako kuimenya ndi mthiko mpaka itasiya kung'azima. Kukoma kwake n'kosiyana, imafumbutuka m'kamwa, ndipo ndi yotsika mtengo poti siifuna chokoleti yambiri. Koma imafuna kuizolowera. Manambala amenewo ndi a malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere. Pa mamita 300 alionse okwera, madzi amawira digiri imodzi kutsika, ndiye ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kumene kuli pamwamba pa mamita 1,000, muyenera kuchotsapo madigiri atatu kapena anayi, ndipo ku Johannesburg pafupifupi asanu ndi limodzi. Mukatsatira buku osachotsera, imauma n'kusanduka switi. Imeneyo mudzayese mu Januwale, pamene palibe alendo.

Ngati mukufuna kupita nayo kumudzi kwa apongozi, iikeni mu freezer usiku wonse itadulidwa kale, mwayala pepala pakati pa mizere kuti isamatirane. M'mawa kontenayo muikulunge m'thaulo pamodzi ndi botolo la madzi oundana, ndipo mu minibasi muinyamule pamiyendo, osati kumbuyo kwa katundu kapena pampando wapafupi ndi injini. Mukafika musatsegule nthawi yomweyo, idikireni kaye ifunde ili chitsekere kuti thukuta ligwere pa kontena osati pa fudge. Agogo amene amadwala shuga kapena amavutika ndi kutentha pamtima muwauziretu zimene zilimo, pakuti peppermint imatha kuutsa vuto lachiwirili.