Kamakina koyeza mpweya wa matimati: ndigule?

Mayi wina wa ku Ulongwe wafunsa kuti: "Alangizi, ndinaona munthu akulowetsa kamakina konga foni m'mabokosi a matimati, kakuonetsa manambala. Kamayeza chiyani? Nanenso ndigule?"

Mayi, zomera zimatulutsa mipweya yosiyanasiyana, koma umene amayeza pa zipatso ndi wotchedwa ethylene. Nthochi, mango, mapeyala, mapapaya ndi matimati zikayamba kupsa zimautulutsa, ndipo ukafika pa zinzake zosapsa nazonso zimayamba kupsa. Suoneka, ndipo ukakhala wochepa mphuno siumva, komabe gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000,000 a mpweya wa m'bokosi likhoza kufulumizitsa zipatso kupsa. Muyezo umenewu ndiwo amautcha 1 ppm, ndiye manambala amene munaonawo.

Mpweyawu mwakhala mukuugwiritsa ntchito kuyambira kale. Mukamavundika nthochi m'dzenje n'kufukizira utsi, ndi womwewu umene umazipsetsa, chifukwa mu utsi ulimo. N'chimodzimodzi mukaika nthochi yakupsa m'thumba la mapeyala olimba.

Pa zogula, ine ndikuti musagule. Kamakinaka kamathandiza amene ali ndi nyumba yaikulu yosungiramo zipatso. Komanso tambiri mwa timakinati timasokonezeka ndi utsi wa galimoto ndi fungo la mowa lochokera ku zipatso zoola, n'kuonetsa nambala yabodza. Ndalama ya kudimba imabwera movutikira, ndipo zimandiwawa ikathera pa chinthu chimene maso ndi manja anu angachite.

Chitani izi. Pothyola matimati, ofiira akhale m'bokosi lawo, oyezuka kumene m'bokosi lawo. Lophwanyika kapena lobooledwa ndi mbozi lichotseni pomwepo, pakuti chipatso chovulala chimatulutsa mpweyawu wambiri. Limodzi lokha lotuluka madzi pansi pa bokosi limafewetsa onse oyandikana nalo. Kabichi musamusanjike pamodzi ndi matimati akupsa, masamba ake amasanduka achikasu. Mabokosi musawaphimbe ndi pulasitiki, asiyeni pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi khitchini.

Inu amene mumatsika ndi katundu kuchoka kozizira kuno ku Angónia ndi Tsangano kupita mumzinda wa Tete, samalani ndi kutentha. Kukapitirira madigiri 30 matimati safiira bwino, amangofewa ali achikasu. Pakirani madzulo, galimoto iyende usiku, mukatsitse kusanatenthe.