Funsani Adokotala: Jakisoni Wolera ndi Mahomoni a Kubereka

Funso: Ndakhala ndikubayitsa Depo zaka zitatu. Papita miyezi 7 chibayitsireni komaliza, koma msambo sukuoneka bwino ndipo pathupi palibe. Kodi jakisoniyu wandiumitsa? *Mayi wa ku Ntcheu*

Yankho: Mtima m'malo mayi, Depo saumitsa munthu. Chimene chikuchedwa ndi kulankhulana kwa ubongo ndi thumba la mazira.

Mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus imatulutsa homoni (mthenga woyenda m'magazi wouza ziwalo chochita) ya GnRH modukizadukiza, pafupifupi ola lililonse kapena ola ndi theka m'masiku oyamba a mwezi wanu. GnRH imauza kachiwalo ka pituitary, kakang'ono ngati njere ya nandolo, kuti katulutse mahomoni ena awiri, FSH ndi LH. FSH imakulitsa dzira, ndipo kathumba kamene dziralo likukuliramo kamapanga homoni yachikazi ya estrogen. Estrogen ikakhala yochepa imabweza ubongo kuti uchepetse FSH ndi LH. Koma ikakwera kwambiri kwa masiku pafupifupi awiri, zinthu zimatembenuka: LH imakwera mwadzidzidzi, ndipo patatha maola pafupifupi 36 dzira limatuluka. Kenako homoni ina ya progesterone imachuluka n'kuchedwetsa GnRH kuti dzira lina lisakhwime.

Depo ndi mankhwala ofanana ndi progesterone, mamiligalamu 150 pa masabata 13 alionse. Ubongo ukawaona m'magazi sulola LH kukwera, choncho dzira silituluka. Chikazi nachonso chimalimba pa khomo la chiberekero. Mankhwalawa amatha pang'onopang'ono m'mnofu. N'chifukwa chake amayi ambiri amatenga pathupi patatha miyezi pafupifupi 10 chibayitsireni komaliza, ena mpaka 18. Kuchuluka kwa zaka zimene munalera sikutalikitsa nthawiyi. Miyezi 18 ikakwana popanda kanthu, pitani kuchipatala limodzi ndi bambo akunyumba, chifukwa vuto limatha kukhala mbali iliyonse. Ngati muli ndi zaka zoposa 35, musadikire mpaka pamenepo.

Funso: Anzanga okweza zitsulo amabaya homoni yachimuna ya testosterone, akuti imawonjezera mphamvu za abambo. Ndiyambe nawo? *Mnyamata wa ku Ndirande*

Yankho: Musayerekeze achimwene, makamaka ngati mukufuna ana. Kwa abambo, LH ndiyo imauza machende kupanga testosterone, pomwe FSH imathandiza kupanga mbewu. Testosterone yobaya ikadzaza m'magazi, ubongo umaona ngati yakwana ndipo umatseka LH ndi FSH. Machende amaleka ntchito n'kuyamba kufota. Mbewu zimafuna testosterone yopangidwa m'machende momwemo, imene imakhala yochuluka kuwirikiza ka 50 kapena kuposa poyerekeza ndi ya m'magazi. Yobaya siifika pamlingo umenewo. Minofu imakula ndithu, umuna umatuluka ngati kale, koma mbewu zake zimachepa kwambiri kapena kutheratu.

Ina mwa testosteroneyo imasanduka estrogen, mabere n'kuyamba kutupa. Mukasiya, mbewu zimabwerera patatha miyezi 6 mpaka 12 kwa ambiri, ena zaka ziwiri, ndipo m'miyezi yoyamba thupi limafooka, chilakolako chimatsika. Anzanuwo akapimitse umuna ndi kuthamanga kwa magazi.