Telesikopu yatsopano ikungoonetsa mdima: kodi yawonongeka?

Bambo wina wa ku Zomba walemba imelo yodandaula. Mwana wawo wa ku Johannesburg wawatumizira telesikopu ya mtundu wa refractor, ndipo pabokosi palembedwa 70mm (kukula kwa galasi lakutsogolo), 700mm (mtunda wochoka pagalasilo kufika pomwe kuwala kumasonkhana) ndi 525x (kukulitsa chithunzi ka 525). M'katimo muli ma eyepiece (timagalasi toikapo diso) awiri, ya 20mm ndi ya 4mm, komanso Barlow (kagalasi koonjezera kakulidwe ka chithunzi) ya 3x. Usiku woyamba anamangirira zonse pamodzi kuti apeze 525x yolonjezedwayo, koma anangoona mdima bii, ndipo ataupeza Mwezi unali mbuu, ukunjenjemera. Akufunsa ngati chipangizochi chinawonongeka panjira.

Bambo, musafulumire kuchibweza. Refractor ndi yolimba kuposa mitundu ina ya telesikopu, chifukwa galasi lake lalikulu linamangidwa kutsogolo kwa chubu ndipo silisunthasuntha. Zomwe mwafotokozazi gwero lake ndi nambala ya 525x, yomwe ogulitsa amailemba kuti akope ogula.

Kakulidwe ka chithunzi kamapezeka pogawa 700 ndi nambala ya eyepiece. Ya 20mm imapereka 35x, ya 4mm imapereka 175x, ndipo Barlow imachulukitsa katatu, n'kufika 105x ndi 525x. Koma malire enieni amaikidwa ndi kukula kwa galasi lakutsogolo: pafupifupi kawiri pa milimita iliyonse. Kwa galasi la 70mm ndiye kuti 140x, ndipo apo n'kuti mpweya uli bata. Mukapyola pamenepo kuwala kochepa komweko kumangomwazika, chithunzi chimada, ndipo kachigawo ka thambo komwe mukuona kamachepa moti kupeza ngakhale Mwezi kumavuta. Choncho ya 4mm ija ibwezereni m'bokosi. Yambani ndi ya 20mm yokha nthawi zonse. Mukadzapeza ndalama, eyepiece ya mtundu wa Plössl ya 10mm yopereka 70x idzakuthandizani kuposa Barlow ya pulasitiki yomwe imabwera ndi matelesikopu otsika mtengo.

Ntchito yoyamba ichitike masana. Sankhani chinthu chosasuntha chomwe chili pamtunda wa kilomita imodzi kapena kuposerapo, monga nsonga ya nsanja ya mafoni. Chotsani chivindikiro chonse chakutsogolo (zina zimakhala ndi kachivindikiro kena pakati, ndipo anthu ambiri amangochotsa kameneko), lowetsani diagonal, kagalasi kokhota kaja, kenako eyepiece ya 20mm. Lozetsani chubu mpaka nsongayo ifike pakati, ndipo potozani fokasi, kachitsulo kowongolera chithunzi, pang'onopang'ono kuchoka kumapeto kuno kufika uko mpaka chithunzi chiwale. Mangani zomangira. Tsopano yang'anani mu finder, kachubu kakang'ono ka pamwamba, n'kupotoza tizomangira take mpaka mtanda kapena kadontho kofiira kagwere pansonga yomweyo. Finder yosawongoledwa ndiyo imachititsa anthu ambiri kuloza pathambo lopanda kanthu n'kumati telesikopu yafa. Mudzaona kuti kumanja kwasanduka kumanzere. Ndi mmene diagonal imachitira, si vuto.

Masana omwewo musalozetse chubu kudzuwa ngakhale kamphindi, ndipo musasiye ana okha nacho. Diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira. Ngati m'bokosi muli kasefa kolembedwa Sun komangirira ku eyepiece, katayeni, chifukwa kamatha kusweka ndi kutentha diso lili pomwepo.

Kunjenjemera kuli ndi magwero awiri. Loyamba ndi miyendo itatu yopepuka ija. Musaitalikitse mpaka kumapeto, iimikeni padothi kapena paudzu, ndipo pachikani botolo la madzi la malita awiri pakati pake kuti ilemere. Mukamaliza fokasi chotsani dzanja, dikirani masekondi angapo. Lachiwiri ndi mpweya wotentha. Tulutsani telesikopu panja mphindi 20 musanayambe kuti galasi lifanane ndi kuzizira kwa kunja. Musayang'ane kudzera pawindo, ndipo pewani kuloza pamwamba pa denga la malata madzulo, pakuti malata amatulutsabe kutentha kwa masana ndipo chithunzi chimachita ngati chili pansi pa madzi. Chinthu chomwe chili m'mwamba chimaoneka bwino kuposa chomwe changotuluka kumene.

Mwezi muuyese usanakhwime, makamaka uli theka. M'malire a kuwala ndi mdima ndimo mithunzi imatalika, ndipo maenje monga Clavius ndi Copernicus amaoneka ngati mungawakhudze malirewo akafika pafupi nawo. Mwezi wathunthu umangothobwa m'maso. Jupiter pa 35x amaonetsa miyezi yake inayi, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, yomwe Galileo anaiona mu 1610 ndi galasi lochepa kuposa lanu; mawa lake mudzaipeza itasintha malo. Pa 70x kapena 105x mizere iwiri yoderapo imaoneka pathupi pa Jupiter. Mphete za Saturn zinali cham'mbali mu Malichi 2025 ndipo zikutseguka pang'onopang'ono, choncho musadabwe zikaoneka zopyapyala. Nthanda imaonetsa theka kapena kachikwakwa ngati Mwezi. Pulogalamu yaulere ya Stellarium ikuuzani komwe chilichonse chili usiku umenewo. Pa 105x chinthu chimatuluka m'diso pasanathe mphindi ziwiri chifukwa dziko likuzungulira, ndiye muzikankha chubu pang'ono pang'ono.

Thambo la kwathu kuno lili ndi zinthu zomwe a ku London sazionako. Kuyambira Epulo mpaka Julayi madzulo, pambali pa nyenyezi yowala ya Mimosa mu Mtanda wa Kummwera pali kagulu ka nyenyezi kotchedwa Jewel Box, kokhala ndi imodzi yofiira pakati pa zoyera. Nyenyezi yowala ya Alpha Centauri imagawika kukhala nyenyezi ziwiri pa 70x mpaka 105x, ndipo Omega Centauri, gulu la nyenyezi zothinana, imaoneka ngati kampira ka utsi. Nsangwe ndi mtambo wa mu Orion, pafupi ndi Akamwiniatsatana, zomwe a ku London nawonso amaziona, ndi za madzulo a Disembala mpaka Febuluwale mitambo ikapereka mpata, ndipo zimafuna 35x basi. Mitundu yowala ya pazithunzi za pa intaneti simudzaiona. Diso limaona mitambo yotere ili yotuwa. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimaphimba zinthu zosawala kwambiri, ngakhale kulibe mtambo.

Kuti mutsimikize ngati galasi lili bwino, lozani nyenyezi yowala yomwe ili m'mwamba pa 105x. Pafokasi yeniyeni iyenera kukhala kadontho. Nyenyezi sizikula ngakhale mutatani, ndipo ikaoneka ngati mbale ndiye kuti fokasi yalakwika. Potozani pang'ono kulowa m'kati, kenako kutuluka. Mukaona timphete tozungulira bwino, tina m'kati mwa tinzake, galasi lili bwino. Mukaona mchira ngati wa nyenyezi ya mchira kapena chozungulira chophwatalala, chotsani diagonal ndi Barlow muyesenso ndi ya 4mm ija pantchito iyi yokha, chifukwa nthawi zambiri zolakwa zimakhala mmenemo. Mchirawo ukakhalapobe, pamenepo ndiye muli ndi chifukwa chochibwezera. Kamzere kofiirira m'mphepete mwa Mwezi kapena Jupiter si kuwonongeka: galasi la zigawo ziwiri ngati lanuli silitha kusonkhanitsa mitundu yonse ya kuwala pamalo amodzi.

Mame akagwera pagalasi m'nyengo yozizira, musapukute ndi malaya kapena tishu, mungalikande. Lowetsani chubu m'nyumba chili chosavindikira, chiume chokha, kenako muvindikire. M'nyengo ya dzinja ikani timapaketi ta silica gel, toyamwa chinyezi, m'bokosi, chifukwa nguwi ikamera pakati pa zigawo za galasi kuichotsa n'kovuta.