Yankho kwa mayi amene afunsa za Halloween mumzinda wa Dublin

Mayi, mwafunsa kuti popeza mwangofika kumene ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, ndipo ana anu awiri abwera ndi kalata yochokera kusukulu yowauza kuti Lachisanu apite atavala zovala za Halloween, kodi muwalole kapena zimenezi ndi za ufiti. Mwafunsanso chifukwa chake pamakomo pa anansi anu papachikidwa mafupa ndi zigaza zapulasitiki ngati kuti anthuwo akusangalala ndi imfa. Ndakhala mumzinda uno kwa zaka zingapo ndipo funso limeneli linandisowetsapo mtendere inenso, choncho mundilole ndiyankhe motalikirapo, chifukwa amene akuuzani kuti ndi zausatana basi, komanso amene akuti ndi masewera chabe, onsewo asiya mbali yaikulu ya nkhaniyi.

Zimene mukuziona m'masiku ano ndi zinthu ziwiri zimene zinalukana kalekale. China ndi phwando la ana la usiku wa pa 31 Okutobala, limene lili ndi phokoso, maswiti ndi zigoba zakumaso, ndipo china ndi kukumbukira anthu amene anatisiya, kumene kumachitika mwakachetechete pa 1 ndi pa 2 Novembala mpaka mwezi wonsewo. Mlendo amaona choyambacho chifukwa chili m'masitolo ndi m'misewu, koma chachiwiricho amayenera kuchita kuchifunafuna, ndipo m'kuona kwanga chachiwiricho ndi chimene chili pafupi kwambiri ndi mtima wa munthu wochokera kwathu.

Ambiri timaganiza kuti Halloween ndi ya ku America chifukwa tinaidziwira m'mafilimu, koma kwawo kwenikweni ndi kuno ku Ireland ndi ku Scotland. M'chinenero cha eni dziko lino mwezi wa Novembala umatchedwa Samhain, ndipo usiku wa pa 31 Okutobala umatchedwa Oíche Shamhna, kutanthauza usiku wolowera m'mwezi umenewo. Kwa alimi akale iyi inali nthawi yomaliza kukolola, yotsitsa ng'ombe kuchoka kumapiri kumene zimadya m'nyengo yofunda, ndiponso yopha ziweto zina kuti nyama isungidwe, chifukwa kutsogolo kunali miyezi ya mdima ndi chisanu. Nthano zawo zakale zimanena kuti pa usiku umenewu zitunda zimene mumakhala mizimu zimatseguka, kotero kuti za dziko lino ndi za dziko linalo zimatha kukumana panjira. Anthu ankasonkha moto waukulu, ndipo malo amodzi otchuka pa zimenezi ndi phiri laling'ono la Tlachtga, limene lero limatchedwa Hill of Ward, pafupi ndi tauni ya Athboy m'dera la Meath, kumene kuyambira chaka cha 2019 kumachitika chikondwerero chotchedwa Púca.

Dzina loti Halloween lenilenilo ndi lochokera kutchalitchi, ndipo limatanthauza madzulo otsogolera tsiku la Oyera Onse. Papa Gregory III, amene analamulira kuyambira 731 mpaka 741, anapatula kachisi wamng'ono m'tchalitchi cha Petulo Woyera ku Roma kuti akhale wolemekezera oyera onse, ndipo m'zaka zotsatira tsiku la 1 Novembala linakhazikika kumaiko a kumadzulo kwa Ulaya. Patapita nthawi, Odilo, mkulu wa amonke a ku Cluny m'dziko la France, analamula kuti tsiku lotsatira, la 2 Novembala, likhale lopempherera okhulupirira onse amene anamwalira. Akatolika a kwathu akulidziwa bwino tsiku limeneli, chifukwa nawonso amakhala ndi Misa ya akufa ndipo m'maparishi ambiri amapita kukadalitsa manda. Anzathu a CCAP ndi mipingo ina yotere angakumbukirenso kuti 31 Okutobala ndi tsiku limene amakumbukira ntchito yokonzanso mpingo imene Martin Luther anayambitsa ku Wittenberg m'dziko la Germany m'chaka cha 1517, ndiye mukuona kuti tsikuli lasenza katundu wambiri kuposa wa zigaza zapulasitiki zija.

Maungu oboolaboola amene mukuwaona pamakomo anabwera mochedwa. Makolo a anthu a kuno ankasema nkhope pa mbewu yotchedwa turnip, imene imabereka pansi ngati mbatata koma yozungulira ndi yolimba kwambiri, n'kuikamo khala la moto kapena kandulo. Njala yaikulu ya pakati pa 1845 ndi 1852 itapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kuthamangitsa ena ochuluka chimodzimodzi, othawawo anapita ndi mwambowu ku America, kumene anapeza kuti dzungu ndi lofewa ndiponso losavuta kusema, ndipo patapita zaka mwambo unabwerera kwawo utavala malaya a malonda. Ndivomereze kuti mpaka lero mtima umandipweteka ndikaona maungu atatayidwa m'mabini pa 2 Novembala, ngakhale kuti nditayesa kuphika limodzi ndinapeza kuti ndi lamadzimadzi ndi lozizira, losayenera kuliyerekeza ndi maungu a kwathu a mwezi wa Marichi.

Tsopano za mmene usikuwo umayendera. Mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, motero pofika pa 31 dzuwa limakhala litalowa nthawi isanakwane 5 koloko madzulo, ndipo ana aang'ono amayamba kuyenda kukangoda. Sukulu zimakhala zili patchuthi cha sabata imodzi, n'chifukwa chake aphunzitsi amachitiratu phwando lawo Lachisanu tchuthicho chisanayambe, monga mmene kalata ya ana anu ikunenera. Ana amayenda m'timagulu, makolo ali pambuyo pawo, kugogoda m'makomo kupempha maswiti, ndipo lamulo losalembedwa ndi lakuti amagogoda pa nyumba yokhayo imene yakongoletsedwa kapena yayatsa nyale panja. Ngati simukufuna kuti akugogodereni, zimitsani nyale yapakhomo ndi kutseka makatani, ndipo palibe amene adzakuoneni ngati munthu woipa. Chaka changa choyamba sindinkadziwa zimenezi, ndipo nditatsegula chitseko ndinapeza kamtsikana ka zaka ngati zinayi katavala ngati njuchi, mapiko ake atanyowa ndi mvula, katatambasula kachidebe koma kataiwala mawu oti kanene, mpaka bambo ake anachita kukanong'oneza ali pageti. M'nyumba munalibe switi ngakhale imodzi, choncho ndinakapatsa nthochi ziwiri, ndipo bambo aja anaseka n'kundiuza kuti iwo ali ana ankalandira maapozi ndi mtedza wosasenda, komanso kuti mawu amene ankanena pakhomo anali opempha thandizo la phwando la Halloween, osati awa a trick or treat amene ana amanena lero popempha maswiti, omwe anachokera ku America.

Mukapita kusitolo mupezanso buledi wazipatso zouma wotchedwa barmbrack. Mudye mosamala ndipo muwachenjeze ana, chifukwa mkati mwake mumakhala mphete yokulungidwa m'kapepala, ndipo amati woipeza adzakwatira kapena kukwatiwa posachedwa. Kale ankaikamonso ndalama yachitsulo yolosera chuma, kansanza kolosera umphawi ndi nsawawa yolosera kuti munthuyo sapeza banja chaka chimenecho, koma lero anthu amangoseka nazo pomwa tiyi.

Choopsa chenicheni cha usiku umenewu mumzinda uno ndi moto, osati mizimu. M'madera ena achinyamata amatolera matayala ndi matabwa onyamulira katundu kwa masabata angapo kuti adzasonkhe moto m'mabwalo, ndipo makombola ophulitsa m'mwamba amayamba kumveka mwezi wa Seputembala usanathe. Usiku wa Halloween ndi umodzi mwa mausiku amene ozimitsa moto ndi ambulansi za ku Dublin amatanganidwa kwambiri pachaka. Muuzeni mwana wanu wamkuluyo momveka bwino kuti m'dziko lino kugulitsa makombola amenewa, kuwayatsa popanda chilolezo kapena kuponyera munthu ndi mlandu umene chilango chake chingafike pa chindapusa cha mayuro 10,000 kapena zaka 5 kundende, ndipo kwa ife amene tikukhala kuno ndi mapepala a alendo, mlandu wotere ungaononge zambiri. Khonsolo ya mzinda imakonza zochitika zaulere za mabanja m'madera monga Ballymun ndi Finglas n'cholinga chochotsa ana pamoto wa m'mabwalowo, ndipo kumeneko n'kumene ndingakulangizeni kuti mupite ngati mukufuna kuona zionetsero.

Pa funso loti muwalole kapena ayi, maganizo anga ndi akuti mwana wovala ngati dokotala, mkango kapena woyendetsa ndege, amene akupita kukadya makeke ndi anzake a m'kalasi, sakupembedza chilichonse, ndipo kumuletsa popanda kumufotokozera kumangomusandutsa mlendo kawiri. Komabe sindinyoza makolo amene chikumbumtima chawo sichikulola, pakuti kwathu mawu oti mfiti si oseweretsa, ndipo tikudziwa agogo amene anathamangitsidwa m'midzi kapena kuphedwa kumene chifukwa cha dzina limenelo. Mphunzitsi wa kuno akajambula mfiti itakwera tsache amaona nthano, pamene inu mumaona zina, ndipo ndi bwino kumuuza zimenezi mwaulemu. Sukulu sizikakamiza mwana kuvala, ndipo mipingo ina imakonza phwando lakelake la ana usiku womwewo lopanda zoopseza. Kunyumba kwanga tinagwirizana kuti zovala za magazi, za ziwanda ndi za mfiti sizilowa, koma zina zonse zili bwino.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempha aliyense wa ife ochokera kwathu amene tikukhala kuno: tisatenge Gule Wamkulu n'kumusandutsa chovala cha Halloween. Ndinamvapo wina akunena kuti adzavala ngati chilombo kuti azungu aone kuti nafenso tili nazo zoopsa. Kufanana kulipo ndithu, chifukwa uku ndi uko nkhope imabisidwa ndipo nkhani yake ndi ya amoyo kukumana ndi mizimu, koma Gule amatuluka kudambwe pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu, ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo bungwe la UNESCO linamuzindikira m'chaka cha 2005 ngati chuma cha anthu onse. Chigoba cha m'sitolo aliyense akhoza kugula, pamene za kudambwe sizigulidwa motero.

Phokoso likatha, m'mawa wa pa 1 Novembala mzinda umasintha nkhope. M'matchalitchi a Akatolika mumapezeka timaenvulopu ndi mapepala olembapo maina a abale amene anamwalira, ndipo mainawo amaikidwa pafupi ndi guwa kuti azikumbukiridwa pa Misa mwezi wonse. Maparishi ambiri amakhalanso ndi Misa yapadera imene amatchula mmodzimmodzi anthu amene anaikidwa m'chaka chimenecho, wachibale n'kupita kutsogolo kukayatsa kandulo. Mayi wina wachikulire amene tinkayandikana nyumba anandiuza kuti kumudzi kwawo, kumadzulo kwa dziko lino, usiku wa pa 2 Novembala amayi ake ankasesa m'nyumba, kusonkhezera moto, kuika mbale ya madzi patebulo ndi kusiya chitseko chosakhoma, kuti akufa a m'banjamo akabwera apeze pofunda. Mnansi wangayo anali atasiya zonsezo kupatula kandulo imodzi pazenera ya malemu amuna awo. Pamene ankafotokoza, ine ndinkaganiza za mowa wa bona ndi za tsiku lomanga chiliza, pamene mudzi wonse umasonkhana kuti wakufa asaiwalike, ndipo ndinaona kuti mayi ameneyu ndi agogo anga akanamvana popanda womasulira.

Ngati mungapeze mpata, pitani kumanda a Glasnevin kumpoto kwa mzinda, amene anatsegulidwa m'chaka cha 1832 chifukwa cha khama la Daniel O'Connell, mtsogoleri wandale amene ankamenyera ufulu wa Akatolika, ndipo muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi ndi theka. Poyamba zimadabwitsa, chifukwa kwathu munthu salowa kumanda popanda chifukwa ndiponso popanda kudziwitsa amfumu, pamene kuno anthu amayendamo ndi ana, kusesa pamanda ndi kusintha maluwa, kenaka n'kukamwa tiyi pafupi ndi chipata. M'masiku oyamba a Novembala anthu a ku Poland, amene ndi ambiri mumzinda uno, amayatsa makandulo a m'timabotolo tagalasi tamitundumitundu, amene amawatcha znicze, ndipo ena amene abale awo anaikidwa kutali amawayatsa pamanda alionse amene akuoneka osiyidwa. Anthu a ku Brazil amalitcha tsiku la 2 Novembala kuti Finados, a ku Philippines nyengoyi amaitcha Undas, ndipo a ku Mexico amakonza tebulo lokhala ndi zithunzi za akufa awo, maluwa achikasu ndi zakudya zimene iwo ankazikonda.

Ambiri a ife tinaphonya maliro a makolo kapena a abale chifukwa cha mtengo wa ndege ndi nkhani za mapepala, ndipo tinangoonera pafoni bokosi likutsitsidwa. Bambo anga anamwalira ndili kuno, ndipo Novembala woyamba pambuyo pake ndinatenga pepala lija kutchalitchi, n'kulembapo dzina lawo ndi mfunda wawo womwe. Wansembe anavutika kulitchula, koma anandifunsa pakhomo Misa isanayambe, n'kubwereza katatu mpaka analikhoza. Ngati mpingo wanu suchita zimenezi, mukhoza kungotulutsa zithunzi madzulo a pa 2 Novembala, kuphika nsima ndi ndiwo zimene agogo a anawo ankazikonda, ndi kuwauza ana anu kuti anthuwo anali ndani, ankalima chiyani ndipo anagona kuti. Ana anga amafunsa mafunso ambiri usiku umenewo kuposa usiku wina uliwonse, maswiti a dzana ali m'manja.