Ayi azakhali, sindinasinthe mpingo: za nyali za Vesak zija

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pagulupa, loti zithunzi za nyali ndinatumiza zija ndi Khirisimasi ya anthu a kuno kapena chiyani, ndiponso ngati ndayamba kugwadira mafano. Iii, mwandiseketsa. Kulemba nditopa, bola ndingolankhula, ena nonse mumvere limodzi.

Ayi, sindinasinthe mpingo. Chimene munaona chija amachitcha Vesak. Kuno ku Sri Lanka anthu 70 mwa 100 alionse ndi Abuda, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kumwamba, tsiku limenelo amalitcha Poya, kumakhala holide. Mwezi ndi mwezi, eti. Koma Poya wamkulu kuposa onse ndi ameneyu, amene kawirikawiri amagwa mu Meyi, ndipo boma limapereka masiku awiri opuma.

Kunena kuti ndi Khirisimasi yawo mwalondola pang'ono chabe. Ife kubadwa timakumbukira mu Disembala, imfa ndi kuuka pa Pasaka. Iwo anaika zinthu zitatu pa tsiku limodzi: kubadwa kwa Buddha, kuunikiridwa kwake, ndi kumwalira kwake. Amakhulupirira kuti zonse zitatu zinachitika mwezi uli wathunthu, m'mwezi womwewu. Munthuyo dzina lake anali Siddhartha Gautama, mwana wa mfumu, wobadwira ku Lumbini, kumene lero ndi ku Nepal. Ali ndi zaka 29 anasiya nyumba yachifumu, mkazi ndi mwana wakhanda, ataona nkhalamba, wodwala ndi maliro, n'kuyamba kufunsa kuti chimasautsa munthu n'chiyani. Ali ndi zaka 35, atakhala pansi pa mtengo wina wamtundu wa mkuyu ku Bodh Gaya ku India, akuti ndi pomwe maso ake anatseguka, nazindikira kuti muzu wa masautso ndi kukhumbira kosatha. Dzina loti Buddha likutanthauza wodzuka, ngati munthu wogalamuka kutulo. Anamwalira ali ndi zaka 80 ku Kushinagar. Powerenga kwawo, mu 1956 zinakwana zaka 2,500 chimwalirireni.

Za fano zija, mnzanga wa kuntchito ndinamufunsa ndithu, mosapsatira. Anati kwa iwo Buddha si Mulungu wolenga, ndi mphunzitsi, ndipo kugwada kuja n'kupereka ulemu. Inu mudzaweruza nokha, ine ndikungofotokoza. Koma chimene chinandikhudza ndi maluwa. Amapita nawo kukachisi, n'kuwayala patsogolo pa chifanizo, ndipo mawu amene amanena poyalapo tanthauzo lake ndi loti monga duwali lifota, thupi langali nalonso lidzatha. Tangoganizani, tsiku lachikondwerero, munthu wavala bwino, akudzikumbutsa za imfa yake. Amayatsanso lubani ndi tinyali tadothi ta mafuta a kokonati.

M'mawa mwa tsikulo mulibe phokoso. Anthu, makamaka amayi achikulire a msinkhu wanu, amavala zoyera zokhazokha, n'kukaswera kukachisi atakhala pamphasa. Amati akusunga sil. Masiku onse Mbuda amayenera kusunga malamulo asanu: osapha chamoyo, osaba, osachita chiwerewere, osanama, osamwa zoledzeretsa. Tsikuli amawonjezera kufika pa asanu ndi atatu. Dzuwa likapendeka sadyanso mpaka mawa lake, savina kapena kudzola zonunkhira, sagona pabedi lawofuwofu. Boma nalo limatseka malo ogulitsira mowa ndi ophera nyama. Amalume akanakhala kuno akanadwala, muwauze ndatero.

Usiku ndiye zimasinthiratu. Nyali munaona zija amazitcha Vesak kudu. Amamanga ndi timitengo ta nsungwi, n'kumata mapepala opyapyala, pansi pake n'kulendeweza michira yaitali ya pepala. Ana amayamba kupanga kudakali masabata angapo. Chosautsa n'choti Meyi ndi pomwe mvula imayamba mbali ino, ndiye ya ana a eninyumba anga inanyowa usiku woyamba womwe, n'kutsala mafupa a nsungwi okhaokha. Ine ndinamva chisoni, koma agogo awo anangoseka. Ndiye pali zinazake zazikulu, zotalika kuposa nyumba yosanja, zodzaza mababu amagetsi oyaka mosinthanasinthana, amati thorana. Pamenepo amajambulapo nthano za Jataka, zosimba miyoyo imene amati Buddha anakhalapo asanabadwe komaliza. Nthanozo zilipo zoposa 500, ndipo m'zambiri iye amakhala nyama, mwina kalulu, mwina nyani, mwina njovu. Mkuzamawu umasimba nthanoyo khamu litaima chilili. Ndinakumbuka agogo akutiimbira nthano pamoto, kungoti kuno palibe woyankha kuti tili tonse. Ine ndinakaonera ku Beira Lake, pafupi ndi kachisi wa Gangaramaya muno mu Colombo. Anthu ake, phazi osaliona poponda.

Koma azakhali, mukandifunsa kuti mtima wa tsikuli uli pati, ine sindinena nyali. Ndinena dansala. Anthu a m'dera limodzi, kapena anyamata oyendetsa tuktuku, kapena ogulitsa pamsika, amasonkha ndalama, n'kumanga chisakasa m'mbali mwa msewu, n'kuphika. Ena mpunga ndi ndiwo, ena chinangwa chophika chothira tsabola ndi kokonati, ena tchana, ena tiyi, mpaka ayisikilimu. Ndiye anyamata amaima pamsewu ndi mbendera, kuimitsa magalimoto ndi mabasi, kuchonderera anthu kuti atsike adzadye. Kuchonderera, mwamva? Safunsa kuti ndiwe Mbuda, Mkhristu, Msilamu kapena Mhindu. Pamzere mumapezeka bwana wagalimoto lapamwamba ndi munthu wogona pakhonde la sitolo, mbale zofanana.

Ine ndinachita manyazi chaka choyamba. Nditadya chinangwa, tsabola wake misozi ili chuchuchu, ndinapisa m'thumba kuti ndilipire. Bambo wina wachikulire anandigwira dzanja, n'kulibweza m'thumba momwemo. Mnzanga uja ndiye anandifotokozera kuti woyenera kuthokoza ndi iwowo, chifukwa ndawapatsa mpata wochita chabwino. Amati kupatsa kumabala pin, ndiye kuti phindu la ntchito yabwino limene limamutsata munthu ngakhale m'moyo winawo. Ndinangoti, aa, kwathu timati kupatsa n'kuika. Ndipo ena amaphika pokumbukira makolo awo amene anatisiya, phindulo n'kulipereka kwa iwo. Pamenepo ndinakumbuka sadaka tinachita ya agogo aamuna ija, mudzi wonse n'kudya. Chiphunzitso chake n'chosiyana, inde, koma miphika ikuluikulu ija, utsi, amayi kukalipira anyamata ogawa, n'chimodzimodzi.

Sikuti zonse n'zoyera ayi. Pali mpikisano wa ndani wamanga thorana yaikulu, makampani amapachikapo mayina awo, ndipo m'mawa mwake misewu imadzaza mapulasitiki. Abuda eniake amadandaula kuti achinyamata amathamangira ayisikilimu, kukachisi osapondako. Nkhani yomweyo timaimva kwathu pa Khirisimasi.

Holide imeneyinso anachita kuimenyera. M'nthawi ya atsamunda a ku Britain, inavomerezedwa mu 1885, ndipo chaka chomwecho ndi pomwe anakweza koyamba mbendera ya Abuda, ya mizere yabuluu, yachikasu, yofiira, yoyera ndi yaolenji, imene ikuoneka pachithunzi chachiwiri chija. Bungwe la United Nations linalivomereza tsikuli mu 1999. Pulezidenti amakhululukiranso akaidi ena pa Vesak, monga zimachitikira kwathu pa 6 Julaye.

Mayiko ena amachita mwawomwawo. Ku Thailand amazungulira kachisi katatu atanyamula makandulo, lubani ndi maluwa. Ku Japan amakumbukira kubadwa kokha pa 8 Epulo, n'kumathira tiyi wotsekemera pakachifanizo ka Buddha ali khanda. A ku China ndi ku Taiwan nawo amasambitsa kachifanizo koteroko. Paja malo olerera ana amasiye a Amitofo ku Blantyre aja anayambitsa ndi mmonke wa ku Taiwan, ndiye Abuda munawaonapo kale inu, kungoti zovala ndi miyambo zimasiyana ndi za kuno.

Basi azakhali, kuno kwada, paja tili patsogolo ndi maola atatu ndi theka. Nyali imodzi yopindika ndagula, ndidzabwera nayo mu Disembala ana adzaione. Mundiuzeko ngati chimanga chija mwamaliza kukolola, ndipo moni kwa agogo.