Madokotala ndi anamwino akupita kuti?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake zipatala za m'mayiko osauka zimasowa madokotala ndi anamwino pomwe sukulu zikuwaphunzitsa chaka ndi chaka. Ambiri mwa ophunzirawo sakhalitsa. Boma losauka limalipira maphunziro a dokotala kwa zaka zambiri, ndipo akangodziwa bwino ntchito, mayiko monga Britain ndi Canada amamukoka ndi malipiro abwino. Ineyo sindiwadzudzula opitawo. Namwino wogwira yekha usiku wonse m'wodi yodzaza, mankhwala kulibe, malipiro akuchedwa, angakane bwanji?

Lipoti la 2006 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linasonyeza kuti Africa inkasenza 24 peresenti ya mtolo wa matenda a padziko lonse, koma inali ndi 3 peresenti yokha ya ogwira ntchito zachipatala. Mu 2001 atsogoleri a Africa analonjeza ku Abuja, likulu la Nigeria, kuti 15 peresenti ya bajeti ya dziko lililonse izipita ku zaumoyo; ndi mayiko ochepa okha amene anakwaniritsapo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti anamwino ena omaliza maphunziro ali pakhomo chifukwa boma lilibe ndalama zowalembera ntchito, kwinaku odwala akudikirira pamzere kuyambira m'mamawa mpaka madzulo.